The Beyond: mafunso ndi mayankho pa chimbale chachiwiri cha Cult of Luna ndi kusintha kwa mayimbidwe awo

Anthu ambiri anadziwa gulu la Cult of Luna kudzera m'zimbale zake za kuyambira 2004 kupita m'tsogolo. Akabwerera m'mbuyo n'kukamvera The Beyond, chimbale cha mu 2003, ena amadabwa ngati oimbawo ali omwewo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wongoyamba kumene kumvera gululi amakonda kufunsa.

Kodi Cult of Luna ndi ndani, nanga anachokera kuti?

Ndi gulu loimba la mumzinda wa Umeå, kumpoto kwa dziko la Sweden, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Stockholm. Linayamba mu 1998 gulu lina la chamba cha hardcore (punk yothamanga ndi yaukali) lotchedwa Eclipse litatha. Johannes Persson, woimba gitala, ndi Klas Rydberg, mwini mawu obangula aja, anali m'gulu lakalelo, ndipo ndi iwo amene anasonkhanitsa anzawo n'kuyamba zatsopano.

Mzinda wa Umeå si waukulu, koma pa nkhani ya nyimbo zaphokoso uli ndi mbiri. Kumeneko n'kumene kunachokera Refused, gulu limene linatulutsa The Shape of Punk to Come mu 1998, komanso Meshuggah, amene mpaka lero oimba ng'oma amadzigwira kumutu akamamvera kawerengedwe kawo. M'zaka za m'ma 1990 achinyamata ambiri a hardcore mumzindawu ankakana mowa, fodya ndi nyama, ndipo ankakonda kukamba za ndale ndi ufulu wa nyama. Anyamata a Cult of Luna anakulira pakati pa zimenezi. Mkwiyo umene mukuumva m'zimbale zawo zoyambirira anautengera kumeneko.

Chamba chawo chimatchedwa post-metal. Ndi chamba chanji?

Ndi nyimbo za magitala olemera ngati za metal, koma zosathamanga. Mulibe kolasi yoti muziyembekezera kuti ibweranso, ndipo woimba gitala sapatsidwa mpata woonetsa luso lake payekha. Nyimbo imodzi imatha kutenga mphindi 8, 10 kapena 15. Oimba amatenga riff imodzi, kachigawo kakafupi ka gitala, n'kumaibwereza uku akuwonjezera pang'onopang'ono ng'oma, gitala yachiwiri, kiyibodi ndi mawu, mpaka phokoso litadzaza paliponse. Kenako amatsitsa, n'kuyambanso kumanga.

Amene amatchulidwa kuti anatsegula njira ndi gulu la Neurosis la ku Oakland, makamaka ndi chimbale chawo cha mu 1996, Through Silver in Blood. Pambuyo pawo panabwera Isis ya ku Boston. Cult of Luna ndi dzina lachitatu limene nthawi zambiri limatchulidwa pamodzi ndi awiriwa, ndipo mwa atatuwa ndi lokhali la ku Ulaya.

Kodi The Beyond ndi chimbale chawo choyamba?

Ayi, ndi chachiwiri. Choyamba chili ndi dzina la gululo, Cult of Luna, ndipo chinatuluka mu 2001 kudzera ku kampani yaing'ono ya ku Britain yotchedwa Rage of Achilles. Chisanatuluke anali atatulutsa kale kambale kakang'ono kogawana ndi gulu lina la ku Sweden, Switchblade, ndipo pambuyo pake anatulutsanso kena ku Hydra Head, kampani ya Aaron Turner wa gulu la Isis.

The Beyond ndiye choyamba chimene anatulutsa ku Earache Records, mu February 2003. Earache ndi kampani ya ku Nottingham imene inatchuka ndi magulu othamanga kwambiri monga Napalm Death. Chaka chomwecho Earache inatulutsanso kachiwiri chimbale choyamba chija, n'chifukwa chake ena amasokoneza kuti chinayamba n'chiti.

Anaimba ndani, nanga chinajambulidwa kuti?

Chinajambulidwa kwawo komweko ku Umeå, m'situdiyo ya Tonteknik, momwe Refused anajambuliramo chimbale chawo chotchuka chija. Klas Rydberg anali pa mawu, Johannes Persson ndi Erik Olofsson pa magitala, Andreas Johansson pa besi, Marco Hildén pa ng'oma. Magnus Lindberg ankawonjezera zoimbira zomenya, komanso ndi munthu wa m'situdiyo, wodziwa kujambula ndi kusakaniza mawu. Kukhala ndi katswiri wotere m'gulu momwemo kwawathandiza kwambiri.

Chimamveka bwanji kwenikweni?

Cholemera, ndipo sichikupatsani mpata wokwanira wopumira. Muli nyimbo 10 ndipo zonse pamodzi zimapitirira ola limodzi ndi mphindi 10. Chimayamba ndi kachigawo kakafupi kotchedwa Inside Fort Meade, kosafika ndi mphindi imodzi yomwe, kenako Receiver imagwa ngati khoma. Magitala anawatsitsa mawu n'kuwachititsa kusasa, besi ili pansi penipeni pamene imamveka m'chifuwa kuposa m'khutu, ndipo ng'oma zikumenyedwa mwamphamvu koma mosafulumira.

Chimene chimasiyanitsa chimbalechi ndi choyamba chija ndi kukula kwa phokoso. Pa choyamba mumamvabe gulu la hardcore limene lachepetsa liwiro: mawu ndi aukali, nyimbo zina zimalumpha kuchoka pa ganizo ili kupita pa lina, ndipo kujambula kwake n'kokhakhala. Pa The Beyond zonse zakhuthala. Gitala iliyonse yaunjikidwa pa inzake mpaka simungathe kusiyanitsa kuti uyu ndi Persson, uyu ndi Olofsson. Cholinga chinali chimenecho, kuti gulu lonse limveke ngati chinthu chimodzi chachikulu chikusuntha.

Mukamvetsera bwino, mbewu za zimene zinadzabwera zilimo kale. Genesis, imene imapitirira mphindi 10, ili ndi malo pamene magitala amatsika n'kutsala ng'oma ndi besi zikuyenda zokha. Circle imayamba mofatsa, ndi gitala yosasasa mawu, yokhala ngati yachisoni, isanabwerere ku ukali. Further, yotsekera chimbale, imamanga kwa nthawi yaitali. Koma pa chimbalechi malo ofatsawo ali ngati khonde lodutsamo popita kuchipinda china chaphokoso. Oimbawo sanayambe kuwakhulupirira kuti angathe kunyamula nyimbo paokha.

Nyimbo imene ambiri amayamba kuidziwa ndi The Watchtower, chifukwa inali ndi vidiyo ndipo ndi yofupikirapo. Riff yake ndi yosavuta kuigwira, ndipo gululi lakhala likuiimba pa masiteji zaka zambiri pambuyo pake.

Mawu ake amakamba za chiyani?

Mutu waukulu ndi kusakhulupirira olamulira: maboma, mabungwe achinsinsi, ndi anthu amene amayang'anira anzawo mobisa. Dzina la kachigawo koyamba kaja likulozera kumeneko. Fort Meade ndi malo a asilikali m'chigawo cha Maryland ku America, kumene kuli likulu la NSA, bungwe la boma lotchera khutu pa mauthenga a anthu. Mayina ngati The Watchtower, Leash ndi Clones akuyenda m'njira yomweyo ya kulondedwa, kumangidwa chingwe ndi kufanizidwa.

Kumbukirani nthawi imene chinatuluka. Mu February 2003 anthu mamiliyoni anali m'misewu ya mizinda ya ku Ulaya kukana nkhondo ya ku Iraq, imene inayamba mwezi wotsatira. Chimbalechi sichikamba za nkhondoyo mwachindunji, koma mpweya wa masiku amenewo uli momwemo. Ndipo patapita zaka 10, mu 2013, Edward Snowden anaulula kuchuluka kwa mauthenga amene NSA inkasonkhanitsa. Amene ankaona ngati anyamata a ku Umeå akungokokomeza anayenera kuganizanso.

Ine sindikumva chimene akunena, akungokuwa. Vuto ndi makutu anga?

Ayi, makutu anu ali bwinobwino. Ngakhale mzungu wobadwira m'Chingelezi samva mawu ambiri a Klas Rydberg popanda kuwerenga. M'chamba chimenechi mawu a munthu amagwira ntchito ngati choimbira china. Sali pamwamba pa nyimbo ngati mmene zilili mu reggae kapena m'nyimbo za kwaya, pamene uthenga ndiye mwini nyimbo. Ali pakati pa magitala, ndipo ntchito yake ndi kuwonjezera kulemera pamalo pamene nyimbo yafika pachimake. Mukafuna uthengawo, werengani mawu olembedwa. Mukafuna nyimboyo, lekani kulimbana ndi kumva liwu lililonse.

Kodi si nyimbo za satana zimenezi?

Funsoli limabwera kawirikawiri munthu akangomva kubangula n'kuona dzina la gululo. Pali magulu ena a metal, makamaka a chamba cha black metal, amene amagwiritsadi ntchito zizindikiro zoterezo. Cult of Luna nkhani zake n'zina. The Beyond ikukamba za ulamuliro, chimbale cha mu 2006 chikukamba za kusungulumwa kwa mwamuna, cha mu 2013 za mzinda ndi makina, cha mu 2016 za ulendo wa m'mlengalenga. N'zachisoni ndi zamdima, inde, koma mdima wake ndi wa moyo wa munthu.

Ena amati anangokopera Neurosis ndi Isis. N'zoona?

Pa zimbale ziwiri zoyambirira, mlanduwu uli ndi umboni wake. Kabangulidwe, kuyenda pang'onopang'ono, ng'oma zomveka ngati za mwambo, zonsezi Neurosis anali atachita kale. Palinso gulu la Breach la ku Luleå, mzinda wa kumpoto kwa Umeå, limene linali litasakaniza kale hardcore ndi phokoso lozizira, ndipo aliyense wodziwa nyimbo za kumpoto kwa Sweden amalimva m'magitala a Cult of Luna.

Za Isis ndiye pamafunika kusamala. Magulu awiriwa anayenda nthawi imodzi. Isis anatulutsa Oceanic mu 2002, miyezi yochepa The Beyond isanatuluke, ndipo mu October 2004 onse awiri anatulutsa zimbale: Panopticon ya Isis ndi Salvation ya Cult of Luna. Onse anali akuchoka ku phokoso lokhalokha kupita ku nyimbo zokhala ndi malo opumira. Kunena kuti wina ankatsata mnzake m'mbuyo n'kufupikitsa nkhani. Kusiyana kwawo kumamvekanso: Isis amayenda mosalala, magitala akuloŵana, pamene Cult of Luna amamanga mowongoka, ndipo akafika pamwamba amagwetsa zonse nthawi imodzi.

Chinasintha n'chiyani pa Salvation?

Apa ndiye pagona nkhani. Pakati pa The Beyond ndi Salvation panadutsa chaka ndi miyezi 8 yokha, koma kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa kwa zimbale zina zilizonse zotsatizana za gululi.

Choyamba, anthu. Marco Hildén anachoka ndipo pa ng'oma panakhala Thomas Hedlund. Hedlund si woimba metal yokha. Amadziwikanso chifukwa choimbira ng'oma gulu la pop la ku France, Phoenix, pa maulendo awo. Kamenyedwe kake kali ndi kugwedeza, kamasewera ndi zitsulo zapamwamba, ndipo amatha kuchititsa kachigawo kofatsa kukhala ndi moyo kwa mphindi zisanu popanda womvera kutopa. Panabweranso Anders Teglund pa kiyibodi ndi mawu a makina. Anthu awiriwa anapatsa gululi zida zimene linalibe: wina wosunga nyimbo ikuyenda pamene magitala akhala chete, wina wodzaza mpata ndi mawu ang'onoang'ono.

Chachiwiri, kuleza mtima. Echoes, nyimbo yotsegulira Salvation, imayamba ndi gitala imodzi yoyera mawu, ikulira yokha kwa mphindi zingapo, phokoso lisanabwere. Waiting for You imatenga pafupifupi utali wake wonse ikukwera, mawu a munthu n'kudzalowa kumapeto. Crossing Over ili ndi kuimba kofewa, kopanda kubangula. Pa The Beyond zoterezi zikanadulidwa msanga kuti riff ibwerere. Pa Salvation oimbawo anazindikira kuti phokoso limapweteka kwambiri likabwera pambuyo pa bata lalitali, monga bingu loyamba la mvula limene limadzidzimutsa chifukwa tsiku lonse kunali zii.

Ngakhale chikuto chinanena zomwezo: cha Salvation ndi choyera, chopanda zambiri. Nyimbo zinatsika kuchoka pa 10 kufika pa 8, utali wa chimbale n'kukhala pafupifupi womwewo, kutanthauza kuti nyimbo iliyonse inapatsidwa malo okulirapo. Ndipo yotsekera anaitcha Into the Beyond, ngati kugwedezera mutu chimbale chimene anachisiya m'mbuyo.

Ndiye kuti anafewa?

Ayi. Leave Me Here ndi Adrift n'zolemera ngati chilichonse cha pa The Beyond. Chimene chinachepa ndi nthawi imene amakhala pamwamba, osati kulemera kwa pamwambapo.

Nanga Somewhere Along the Highway chikulowa pati pa ulendowu?

Chinatuluka mu April 2006, ndipo ambiri amachiona ngati pachimake pa zaka zawo zoyambirira. Mmalo mobwerera m'situdiyo monga kale, anakajambula maziko a nyimbozo m'nkhokwe yamatabwa ya ngodya 8 kunja kwa Umeå, m'masiku 7 okha, onse akuimba pamodzi. Zotsatira zake ndi mawu osapukutidwa, mmene mumamva chipindacho ndi matabwa ake. The Beyond inali yodzaza mpaka m'mphepete. Ichi chili ndi mphepo yodutsa pakati.

Panthawiyi Fredrik Kihlberg anali atalowa ngati woimba gitala wachitatu komanso mwini mawu ofewa, gulu n'kufika anthu 8. Mu And With Her Came the Birds muli banjo ndi kuimba konong'ona, zimene womvera wa mu 2003 sakanaziyembekezera n'komwe. Dark City, Dead Man, yotsekera, imapitirira mphindi 15.

Mutu wake ndi kusungulumwa kwa mwamuna, ndipo gululi linanena kuti linatengerako ku buku la J. M. Coetzee wa ku South Africa, Life & Times of Michael K, limene linapata mphoto ya Booker mu 1983. Bukulo limakamba za munthu wosauka amene achoka ku Cape Town m'nthawi ya nkhondo n'kukakhala yekha kumunda wosiyidwa. Taonani mtunda umene anayenda m'zaka zitatu: kuchoka pa kukalipira mabungwe a boma kufika pa munthu mmodzi wopanda womulankhula.

Pambuyo pake anapita kuti?

Eternal Kingdom ya mu 2008 inabwerera ku ukali ndi nyimbo zofupikirapo. Inabwera ndi nkhani yoti anapeza buku la wodwala misala wina m'nyumba imene ankayesereramo nyimbo, imene kale inali chipatala. Patapita nthawi anaulula kuti nkhaniyo anaipeka okha, atolankhani ambiri atailemba kale ngati yoona. Klas Rydberg anachoka mu 2012 ndipo Johannes Persson anatenga udindo wa mawu. Vertikal ya mu 2013 inatengera ku filimu ya Fritz Lang ya mu 1927, Metropolis, ndipo ili ndi kiyibodi yambiri ndi kubwereza kwa makina. Mariner ya mu 2016 anaimba ndi Julie Christmas wa ku America. Kenako A Dawn to Fear mu 2019 ndi The Long Road North mu 2022, zonse ku Metal Blade.

Kodi mdima wa ku Umeå ndiwo umachititsa nyimbo zawo kukhala chonchi?

Atolankhani amakonda kunena zimenezi, ndipo n'zosavuta kuzikhulupirira: mu December dzuwa kumeneko limaoneka maola anayi kapena asanu okha pa tsiku. Koma mumzinda womwewo mumachokera oimba pop ofatsa ndi a punk othamanga, onse pansi pa thambo limodzi. Chimene ndimachiona chomveka ndi chakuti mzinda wakutali ndi likulu, wa oimba odziwana okhaokha, wokhala ndi situdiyo yabwino pafupi, umalola gulu kukula mwa njira yake popanda wolifulumizitsa. Za nkhalango ndi misewu ya kumpoto zinadzalowadi m'nyimbo zawo, koma mochedwerapo. The Beyond maso ake ali ku Maryland, osati ku Västerbotten, chigawo chimene muli Umeå.

Chofooka cha The Beyond n'chiyani?

Utali. Ola ndi mphindi 10 za phokoso losasiya n'zambiri, ndipo chapakati, kuzungulira Arrival ndi Leash, khutu limayamba kuzolowera. Likazolowera, kulemera kuja kumasiya kugwira ntchito. Mawu a Rydberg nawonso ali pa mlingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, opanda mnzake wowasinthitsa. Chikanakhala chofupika ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri, chikanaluma kwambiri.

Komabe sindingachitche chimbale chophunzirira chabe. Kuti munthu adziwe pochepetsa, ayenera kuyamba wafika pamapeto a kuwonjezera, ndipo The Beyond ndi pamene gululi linafika pamapetopo. Pali omvera, makamaka okonda sludge ndi doom, mitundu ya metal yolemera ndi yoyenda pang'onopang'ono, amene mpaka lero amati ichi ndiye chimbale chawo chenicheni, zinazo n'zokongoletsa. Sindigwirizana nawo, koma ndimamva chimene akutanthauza ndikayatsa Receiver.

Ndiyambire pati ngati sindinamvepo gululi?

Zitengera kumene mukuchokera. Ngati makutu anu anazolowera kale metal kapena hardcore, yambani ndi The Watchtower, kenako Genesis, kenako chimbale chonse. Ngati kubangula kumakuthamangitsani, yambani ndi Crossing Over ya pa Salvation kapena And With Her Came the Birds, mubwere ku nyimbo yotchedwa Finland ya pa Somewhere Along the Highway ndi Leave Me Here, The Beyond ikhale yomalizira.

Amene akufuna kumva kusinthako ndi makutu ake achite izi: amvere Further, yomaliza pa The Beyond, n'kutsatiza nthawi yomweyo Echoes, yoyamba pa Salvation. Ndi mphindi zoposa 20 zonse pamodzi.

Kodi ndingamvere pa sipika ya foni?

Mungathe, koma mutaya theka la nyimboyo. Sipika ya foni situlutsa mawu apansi, ndipo m'chamba chimenechi besi ndi ng'oma yaikulu ndizo zimanyamula zonse. Chotsala chimangomveka ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni. Gwiritsani ntchito mahedifoni otseka khutu lonse kapena masipika okhala ndi besi. Samalani ndi voliyumu pa Salvation: poyambira pake m'pofatsa kwambiri moti mumakopeka kukweza, ndiye magitala akalowa amakupezani mutakweza kale.